Mawu a Pansi pa Chithunzi Changa

Medellín,
Lamlungu, 19 Okutobala

Amayi anga okondedwa,

Ndiyambe ndi bondo lanu lija, chifukwa pafoni mumangoti muli bwino, koma achimwene Hermes anandiululira kuti Lachiwiri munalephera kukwera chitunda cha kutchalitchi mpaka munakhala pamwala. Kodi mankhwala opaka aja mukupaka, kapena mwawasungira alendo ngati makapu a m'kabati? Nanga chifuwa cha alamu anga Noralba chinatha? Ine kuno ndili bwino. Ndanenepanso pang'ono, siketi yabuluu ija yayamba kundikana.

Kalatayi ndalemba ndekha pa kompyuta, ndipo ndaisindikiza ndi zilembo zikuluzikulu kuti muwerenge nokha osadikira munthu. Khalidwe lanu loyambira kutsamba lomaliza ndimalidziwa. Lero lokha musatero. Ikani pambali chipewa mukulukacho, muyambire pomwe pano.

Pangano lathu la pa depoti ya basi ku Pasto sindinaliiwale. Munandigwira dzanja mpaka kondakitala anayamba kudandaula, n'kundilumbiritsa kuti miyezi itatu yondiyesa pa ntchito ikatha osandilemba, ndibwerere kwathu ku Sandoná, ndipo za mutauni ndisadzazitchulenso. Ndinavomera, koma mumtima ndinkadziwa kuti ndikabwerera ndidzakhala pakhonde moyo wanga wonse, anthu akudutsa n'kumati mwana wosaona wa a Portilla uja ndi uyu. Miyezi itatuyo inakwana Lachisanu lapitali. Ndikufotokozerani zonse mwandondomeko, mupirire.

Poyamba za kunyumba kuno. Mayi Marleny, eni nyumba imene ndimakhala, akupatsani moni. Ndi munthu wabwino zedi, koma pakamwa sapuma. Dzana anandifunsanso, kachitatu tsopano, kuti, “Mwana iwe, kwanu mumadyadi mbira? Kanyama kokongola ngati kaja?” Ndinawayankha kuti iwo amadya nyemba m'mawa, masana ndi madzulo, koma ine sindinawafunsepo kanthu. Anaseka mpaka kutsokomola, n'kundiwonjezera nyemba zina m'mbale. Zitumbuwa zawo za chimanga zopanda mchere zija, zimene amati arepa, ndazolowera, ngakhale sindinazikhululukire.

Njira ya kuntchito ndaidziwa bwino tsopano. Sitima imatchula siteshoni iliyonse, ndiye sindisochera. Vuto langa kuno ndi anthu achifundo. Ndikangoima pakona kuti ndipume, wina wandigwira kale mkono n'kundiwolotsa msewu umene sindimafuna kuwoloka. Bambo wina anandiwolotsa, ndinamuthokoza, ndipo atachoka ndinadikira kuti ndiwolokenso kubwerera. Mvula nayo yakula mwezi uno, ndipo njinga yamoto ina yoimikidwa panjira ya anthu oyenda pansi inandithyolera nsonga ya ndodo. Musade nkhawa, ndinaikitsa ina tsiku lomwelo.

Azakhali Ligia akuti kumsika mumauza anthu kuti mwana wanu amamvetsera makompyuta akadwala. Ndinaseka kwambiri, koma simunaphonye kwenikweni. Kampani yathu ndi yaing'ono, tilipo anthu asanu ndi anayi, ndipo timapanga mawebusaiti, masamba a pa intaneti aja amene Hermes amatsegula pafoni. Ntchito yaikulu chaka chino ndi ya bungwe lina la zipatala zing'onozing'ono. Likufuna kuti odwala azisungitsa pafoni tsiku lokaonana ndi dokotala, m'malo mokafola pamzere kusanache. Mkulu wa bungwelo, a dokotala Rubiela, ananenetsa kuti tsambalo aliyense azitha kuligwiritsa ntchito, kaya saona, kaya samva, kaya manja ake amanjenjemera, ndipo pakhale munthu waulumali woliyesa. Ndi mmene ine ndinalowera. Kunena zoona, a Albeiro, eni kampani, sanandiitane chifukwa chondifuna. Ananditenga monga mmene munthu amagulira chozimitsira moto, kuti oyendera akabwera achione pakhoma.

Ndimagwiritsa ntchito pulogalamu yowerenga mokweza zonse zimene zili pa sikirini, yofanana ndi ya pafoni yanga ija imene mumati imalankhula ngati ikuthamangitsidwa ndi galu. Koma mawuwo amangowerenga zimene wopanga tsamba analemba kuseri. Batani likakhala lopanda dzina, amangoti “batani.” Tsiku loyamba nditatsegula tsamba la chipatalalo ndinamva batani, batani, batani, chithunzi, batani. Tayerekezani mwalowa mugolosale ya a Segundo, zitini zonse azimatula mapepala, ndiye akukuuzani kuti musankhe mkaka. Anthu oona ankati tsambalo ndi lokongola, koma ine ndinalibe ndi polowera pomwe.

Wojambula maonekedwe a masamba athu ndi Duván, bambo wa zaka makumi atatu, wansangala koma wopanda mabuleki pakamwa. Atangomva kwathu anayamba nthabwala zawo zija zonena kuti anthu a ku Pasto ndife ogona m'mutu, imodzi tsiku lililonse ngati mankhwala. Ine ndinkamumvera mpaka amalize, kenako n'kumutumizira mndandanda wa zolakwika zake. Tsiku lina zinakwana makumi anayi ndi ziwiri, ndipo anabwera patebulo langa akufwenthera.

“Achemwali, zilembo zotuwa pa zoyerazi ndiye fasho. Mukufuna tsamba langa lioneke ngati chikwangwani cha pa butchala?”

“Chikwangwani cha pa butchala amayi anga amachiwerenga ali tsidya la msewu,” ndinatero. “Zakozo angawerenge?”

Anachoka akung'ung'udza kuti ndabwera kudzaononga luso lake. Milungu yoyambirira inali choncho, Amayi, ndipo sindinakuuzeni chifukwa mukanatumiza Hermes kudzanditenga.

Zinthu zinasintha mwezi wachiwiri, nditapempha a Albeiro kuti andipatse ola limodzi lokha ndi anthu onse. Ndinazungulira ndi chikwama changa kutolera mamausi onse, tizida tija toyendetsa ndi dzanja patebulo. Kenako ndinawauza azimitse masikirini, avale mahedifoni, aliyense asungitse tsiku lokaonana ndi dokotala wa mano pogwiritsa ntchito kiyibodi ndi makutu basi. Poyamba ankaseka ngati ana a sukulu aphunzitsi atachokapo. Patatha mphindi khumi ofesi inali zii, kumangomveka kupuma ndi kudina. Ndiye Duván anakuwa.

“Aise, ndalowa mu kalendala, ndili mu Novembala, sindikutulukamo! Ndithandizeni, anditsekera mu Novembala!”

Ndinamuuza kuti angokhala momwemo, Disembala amupeza. Kalendala imeneyo anapanga yekha, ndipo ankainyadira kuposa china chilichonse. Ola litatha panalibe ndi mmodzi yemwe amene anakwanitsa kusungitsa tsiku. Ndinawabwezera mamausi awo mmodzimmodzi, ndipo sindibisa, ndinamva kukoma.

Kuyambira pamenepo ntchito inayamba kuyenda. Mabatani anapatsidwa mayina, ndipo anakulitsidwa kuti wa manja onjenjemera asamaphonye. Pansi pa makanema a dokotala wofotokoza za katemera tinaikapo mawu olembedwa kuti osamva aziwerenga. Munthu akalakwitsa polemba nambala ya chiphaso, tsamba linasiya kungofiira n'kuyamba kunena chimene chalakwika. Zilembo zotuwa zija zinada. Duván ananong'oneza kuti tsamba likuonekabe bwino, koma anandiletsa kuuza aliyense kuti wanena zimenezo.

Komabe a Albeiro sananene kanthu za tsogolo langa. Lachisanu lomwe miyezi yanga inkathera ndi lomwenso a dokotala Rubiela ankabwera kudzalandira ntchito, ndipo ine ndinkaona kuti tsamba likangolandiridwa, chozimitsira moto sichidzafunikanso.

Tsopano mvetserani zimene zinachitika Lachitatu m'mawa. Zithunzi za atsogoleri a bungwe, khumi ndi awiri, zinafika mochedwa, ndipo Duván anaziika mothamanga pa tsamba lawo. Chithunzi chilichonse chimayenera kukhala ndi mawu ochifotokoza, obisika kwa anthu oona koma omveka kwa ife. Akaiwalika, pulogalamu yanga imawerenga dzina limene wojambula anapatsa chithunzicho posunga mu kompyuta yake. Duván sagwira mayina a anthu. Kuti asasokoneze, aliyense amamupatsa dzina lakelake, podziwa kuti palibe adzalione. Ndinavala mahedifoni, ndinatsegula tsambalo, ndipo mawu aja anayamba kuwerenga modekha ngati wansembe: nkhope ya ndimu, kadzidzi wa magalasi, ndevu za tsache, wogona pamsonkhano. Anapitiriza mpaka onse khumi ndi awiri. Nkhope ya ndimu anali a dokotala Rubiela eni ake.

Ndinaluma mkono wa juzi kuti ndisaphulike nako kuseka. Koma kuseka kutatha, maganizo oipa anabwera, ndipo ndikuululirani chifukwa simunandilere kuti ndizikubisirani. Ndinaganiza kuti ndikangokhala chete, Lachisanu mawu amenewa adzamveka pamaso pa onse, ndipo a Albeiro adzadziwa tsiku lomwelo kuti pali zinthu zimene ine ndekha ndimamva muofesi muno. Ndikamuuza Duván, akonza mwakachetechete, zonse zidzayenda bwino, ndipo palibe adzadziwe kuti ndinachitapo kanthu. Ndinakhala nazo m'mawa wonse, khofi mpaka kuzizira. Duván ali ndi khanda la miyezi inayi, ndipo tsiku lililonse amandimvetsa kulira kwake pafoni ngati ndi nyimbo.

Masana ndinamupempha andiperekeze kokagula madzi a zipatso pakona. Titakhala pabenchi ndinamupatsa hedifoni imodzi, n'kutsegula tsambalo pafoni. Anamvetsera dzina loyamba, lachiwiri, ndipo ndinamva kapu yake ikugwa pansi.

“Mayo ine, ndafa! Yolima, wamva ndani wina?”

“Ine ndekha, wa ku Pasto wogona m'mutu uja.”

“Usatero, mchemwali wanga, usandiphe kawiri. Zimenezi zimamveka chonchi nthawi zonse? Masamba onse amene ndinapanga?”

Ndinamuuza kuti osaona a mumzinda uno akhala akumudziwa kwa zaka zambiri, iye yekha ndiye sankadziwa. Kenako anandipempha kuti bwana asamve, ndipo ndinalonjeza.

Lachinayi lonse tinakhala limodzi kukonza. Iye ankayang'ana chithunzi n'kundiuza zimene akuona, ine n'kumuuza zoyenera kulemba. Poyamba anachita kunyanyira chifukwa cha mantha. Chithunzi cha a dokotala anachilembera ndime yathunthu, ndolo zawo, maluwa a kumbuyo, mpaka mtundu wa makatani. Ndinamuuza kuti wodwala mano safuna makatani, alembe ngati akuuza munthu pafoni amene mayunitsi akumuthera. Tinagwirizana pa mzere umodzi: a dokotala Rubiela Ossa, mkulu wa bungwe, atavala gauni yoyera, ataima pakhomo la chipatala. Pofika madzulo zonse khumi ndi ziwiri zinali ndi mawu aulemu, ndipo ndinamvetsera tsamba lililonse kuyambira pamwamba mpaka pansi osapeza cholakwika.

Nditafika kunyumba ndinayamba kupinda zovala n'kumaika m'chikwama, kukonzekera ulendo wobwerera kwathu. Mayi Marleny anandipeza ndipo anafunsa ngati kwagwa maliro. Nditawafotokozera, anandilanda chikwama n'kukachitsekera kuchipinda kwawo, akuti munthu salongedza katundu asanathamangitsidwe. Kenako anandiphikira chokoleti chotentha.

Lachisanu a dokotala anafika nthawi yeniyeni ndi anthu awo awiri. Ndi mayi wa mawu ochepa, ouma, wosadziwa kuzungulira. Sanafune kuona zithunzi zimene a Albeiro anakonza zoti aonetse pakhoma. Analamula kuti nditembenuzire sikirini kukhoma, ndichotse mahedifoni, mawu amveke pa sipika, ndiwachepetse liwiro kuti onse amve, ndiye ndiwasungitsire tsiku kwa dokotala wa maso. Ndinalowa, ndinasankha chipatala, ndinalowa mu kalendala ija n'kutulukamo bwinobwino, ndipo mphindi zitatu zisanakwane mawu anati tsiku lasungidwa. Anandiuza ndipite pa tsamba la atsogoleri. Ndinamva Duván akusiya kupuma kumbuyo kwanga. Mawu anawerenga mayina onse khumi ndi awiri ndi maudindo awo, mwaulemu.

Ndiye a Albeiro anayamba kulankhula. Anati kampani yawo nkhani ya anthu aulumali ili m'magazi, anati iwo anaganizira zonsezi kuyambira pachiyambi. Dzina langa sanalitchule ngakhale kamodzi, ankangoti “mtsikanayu.” Ine apo m'maganizo ndinali nditakwera kale basi, ndikuwerenga maola khumi ndi asanu ndi atatu a ulendo wa ku Pasto. Mtima unandiwawa kwambiri, Amayi, ndipo ndinadzitcha chitsiru.

A dokotala anawadula pakati. Anati pansi penipeni pa tsamba akuonapo kachithunzi kakang'ono pafoni yawo, ndipo akufuna amve mmene kakumvekera. Ine sindinkadziwa za kachithunzi kameneko. Ndinamva pambuyo pake kuti a Albeiro amaika nkhope yawo pansi pa tsamba lililonse limene kampani yapanga, ndipo anauza Duván akaike m'mawa womwewo, ine nditamaliza kale kuyesa. Duván anangokatenga pamene amakasunga zaka zonsezi. Ndinatsikira pansi, ndipo sipika inanena momveka bwino, pang'onopang'ono monga anandilamulira:

“Chithunzi. Bwana akunamizira kugwira ntchito.”

A dokotala anati ndibwereze. Ndikanatani? Ndinabwereza. A Albeiro anayamba kuchita chibwibwi kuti makinawa nthawi zina amasokonezeka, koma mpando unagwa kumbuyo kwanga, Duván ataimirira.

“Si makina, bwana, ndine. Ndipo sichinali chimodzi. Zithunzi zonse za atsogoleri zinali ndi mayina otere mpaka dzulo. Tonse muno tili ndi maso, tinayang'ana tsamba limenelo, palibe anaona kanthu. Yolima ndiye anamva, anandiitanira kunja, n'kukhala nane tsiku lonse kukonza. Akanafuna akanandisiya ndipsere pano.”

“Zonse?” anafunsa a dokotala. “Ndiye langa linali loti chiyani?”

“Madamu, ndili ndi khanda kunyumba.”

“Nena, bambo.”

“Nkhope ya ndimu.”

Ndinatseka maso, ngakhale kwa ine sizisintha kanthu. Kenako ndinamva phokoso lachilendo, ngati chitseko chimene sichinatsegulidwe chaka chonse. Anali a dokotala akuseka. Anaseka mpaka mmodzi wa anthu awo anawapatsa madzi. Atapuma anati mwamuna wawo wakhala akunena zomwezo kwa zaka makumi atatu, koma iye sanafikepo poziika pa intaneti. Apo ndiye aliyense anamasuka, chipinda chonse chikhakhali, kupatula a Albeiro.

Atatha kuseka anatembenukira kwa ine, n'kundifunsa dzina langa lonse, ndiponso chifukwa chake sindinakanene kwa bwana Lachitatu lomwelo. Ndinayankha kuti ntchito yanga inali yoti odwala asamve zimenezo, ndipo zinali zitakonzeka. Anangouza a Albeiro kuti tsamba lawo lizisintha mlungu uliwonse, madokotala atsopano, masiku a katemera, zidziwitso, ndipo chilichonse chisanatuluke chizidutsa m'makutu a mayi Yolima Portilla. Anati zimenezi zilembedwe mu mgwirizano, apo ayi cholembera chawo sachitsegula. Ananditchula kuti mayi, Amayi! Palibe ananditchulapo choncho chibadwire.

Alendo atapita a Albeiro anandiitanira muofesi mwawo. Anayamba kugogoda tebulo ndi chala. Kenako anandifunsa ndi mawu otsika ngati amaonekadi choncho pa chithunzicho. Ndinati, “Bwana, ine sindinakuonenipo.” Anaseka koyamba tsiku limenelo, ndipo anavomera kuti kuyambira Julayi ankaganiza kuti Lachisanu limeneli adzanditsanzika. Ananditumizira kontirakiti pa kompyuta kuti ndiwerenge ndekha. Nditaitsegula, inali pepala lojambulidwa ndi foni, chithunzi chopanda mawu, ndipo pulogalamu yanga sinapezemo kalikonse kowerenga. Ndinawauza mwaulemu. Anapuma mozama, anakhala pansi, n'kukafufuza yolembedwa bwino.

Ndiye nayi nkhani imene munkafuna kuthamangira: andilemba ntchito, Amayi! Osati ya miyezi itatu ina, koma yokhazikika. Ndinawerenga mzere uliwonse kawiri, ndinasaina, ndipo nditatuluka panja ndinalira ngati mwana pansi pa ambulera. Mayi wina anafuna kundiwolotsa msewu, ndipo ndinamulola, chifukwa tsiku limenelo ndikanapita kulikonse.

Duván sanachotsedwe. Anamukalipira chitseko chili chotseka, koma tonse tinamva. Chilango chake n'choti abwerere m'masamba onse akale a kampani, alembe mawu oyenera pansi pa chithunzi chilichonse, ndipo akuti zilipo zoposa chikwi. Dzulo anandiimbira kundiuza kuti nthabwala za ku Pasto wasiya. Ndinamuuza asasiye, chifukwa tsopano ndili ndi yanga ya munthu wa ku Medellín imene ndidzaifotokoze mpaka kukalamba. Mayi Marleny anandibwezera chikwama, ndipo anaitana anthu a nyumba zoyandikana kudzadya nkhuku, ngati kuti ndi iwo alembedwa ntchito.

Ndikudziwa kuti kwa inu nkhaniyi ikukoma mbali imodzi, mbali ina ikuwawa. Mwandigwira dzanja zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu, chichokereni kuchipatala kuja nditasiya kuona, ndipo sindikuyembekeza kuti mulisiye mosavuta. Ine ndikusangalala kwambiri kuno, komanso ndimakusowani tsiku lililonse, makamaka m'mawa pamene kulibe wondikalipira za tsitsi. Pa Khirisimasi ndibwera, ndapempha kale masiku, ndipo ndidzakhala mpaka chikondwerero cha mu Januwale chitatha.

Tsopano pempho langa, ndi limodzi lokha. Pa webusaiti ya kampani pali tsamba la antchito okhazikika, aliyense ndi chithunzi chake. Lachisanu lomwelo Duván anandijambula pafupi ndi zenera, ndipo chithunzicho ndachiika mu envulopu ino. Chikufunika mawu a pansi pake, monga zina zonse. Duván anafuna kulemba kuti “wa ku Pasto amene anandipulumutsa.” Mayi Marleny akuti tilembe “mtsikana wonenepa bwino chifukwa cha nyemba za a Marleny.” Onse ndawakana.

Nkhope yanga imene ndimakumbukira ndi ya mwana wa zaka zisanu ndi zinayi, wa dzino limodzi loguluka, pagalasi la kabati yanu ya zovala, malungo aja asanabwere. Pano ndili ndi zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri. Miyezi itatu ndakhala ndikuphunzitsa anthu kufotokoza zithunzi za anthu ena, koma changa palibe anandifotokozerapo. Ndikafunsa, anthu amangoti ndiwe wokongola, ndi mawu aja opepesera munthu. Ine ndikufuna zoona.

Chonde khalani pakhonde kukuwala, muchiyang'ane bwinobwino, ndiye Hermes akugwirireni foni mulankhulemo, anditumizire mawu anuwo. Munene mzere umodzi waufupi woti tiike pa webusaiti. Mukatero mupitirize, zotsalazo ndi zanga ndekha, ndipo mutalikitse mmene mungathere. Mundiuze ngati mphuno ndi ya malemu bambo monga amanenera azakhali, ngati chipsera cha pachipumi chikuonekabe, ngati ndimamwetulira mbali imodzi. Musandikometsere. Ngati ndikuoneka wotopa munene, ngati ndayamba kufanana nanu munenenso.

Mundiperekere moni kwa achimwene Hermes, muwauze kuti foni aitchaje mokwanira chifukwa ndikukudziwani mukayamba kulankhula. Moni kwa alamu anga Noralba ndi ana, kwa azakhali Ligia, amene tsopano akhoza kuuza kumsika kuti makompyuta aja anachira, ndiponso kwa amalume Segismundo ndi banja lawo lonse. Amayi onse amene mumaluka nawo zipewa muwauze kuti ndikuwakumbukira.

Ndauza a Albeiro kuti chithunzi changa chisaikidwe pa tsambalo mpaka mawu anu atafika. Anafunsa kuti zitenga masiku angati, ndipo ndinati zili kwa amayi anga. Sindikukufulumizani. Koma tsiku limene ndidzamve mawu anu akundiuza mmene mwana wanu akuonekera pa ntchito yake, ndidzadziwa kuti mwandilola kukhala kuno.

Mulungu akusungeni, ndipo bondolo muzilipaka.

Ndine mwana wanu wokukondani,

Yolima